Kamodzi Kokha

Ku Yeoville aliyense amakiya:
geti, chitseko chazitsulo, kenaka chitseko chenichenicho.
Ndiye kwa zaka zitatu palibe anandidabwa.
Ankangoti Ndaziona ndi wosamala,
Joni sachita naye masewera.

Sankadziwa kuti ndimabwerera pa kona ya Rockey,
kubwereranso ndaima kale pamzere wa matakisi,
kukagwedeza loko ka makumi awiri ndi kanayi,
ndikaphonya chiwerengero n'kuyambiranso,
mpaka chala kutuluka matuza.
Ntchito yosoka makatani ku Fordsburg inatha choncho,
bwana atatopa ndi maliro anga opeka.

Lachinayi kuchipatala, kachipinda ka mipando iwiri.
Mayi Rampedi sanafunse zomwe ndimalota
kapena amene ndinamulakwira ku Ntcheu.
Anandiuza za ofufuza ena, kutsidya kwa nyanja,
omwe anaitana ophunzira abwinobwino
n'kuwapatsa sitovu yapakompyuta:
yatsa, zimitsa, yang'ana,
yatsa, zimitsa, yang'ana,
mobwerezabwereza mpaka maso kulema.
Pomaliza anawafunsa zomwe azimitsa.
Mayankho anali olondola ndithu,
koma eni ake ankawagwira ngati sopo wonyowa,
osawakhulupirira.

"Umati ukuyang'ana chifukwa ukukayika," anatero mayiwo.
"Koma kuyang'anako n'kumene kukudyetsa chikayiko."

Ndinaseka mpaka misozi.
Zaka zitatu ndikumwa madzi amchere
n'kumadabwa ludzu.

Anandipatsa ntchito yakunyumba ngati mwana wasukulu:
kiya kamodzi, tembenuka, pita.
Usananyamuke lemba tsoka lomwe ukuliyembekezera,
ndipo panjira uziwapatsa mantha ako malikisi,
kuyambira ziro kulekeza handiredi.

Lolemba. Kiyi anati khetye.
Ndinalemba kuseri kwa lisiti: andibera zonse.
Pa geti, nayinte.
M'takisi, nayinte-faifi.
Mantha anakhala pamiyendo panga osalipira,
ndalama za anthu zikudutsa paphewa kupita kutsogolo,
ine thukuta kamukamu mwezi wa Juni,
miyendo ikupempha kutsika.
Sindinatsike.
Pofika ku Noord anali pa sevente,
masana ndinawaiwala kwa mphindi zingapo
ndikukangana ndi wogulitsa zipi.
Madzulo ndinapeza loko ali chikhalire,
ketulo, wailesi, bulangete lotumiza kwa amayi,
zonse zikundiyang'ana ngati zikufunsa
kuti phokoso lonseli linali la chiyani.

Musaganize kuti zinathera pomwepo.
Sabata yachisanu anathyola kwa Mkongo wa pa nambala seveni.
M'mawa mwake ndinabwerera kasanu ndi kamodzi,
ndipo Lachinayi ndinalowa m'kachipinda kaja mutu uli pansi.

Mayi Rampedi sanakwinye nkhope.
Anati ngakhale makoswe a ofufuza,
ataphunzira kuti belu silibweretsanso ululu,
ukawasamutsira m'khola lachilendo amanjenjemeranso.
Mantha akale safufutika ayi.
Timangolambula njira ina pambali pake
n'kumaiponda, kuiponda,
mpaka phazi litaizolowera.

Ndinati, chabwino, ingondilonjezani chimodzi,
kuti ndikakiya kamodzi sadzandibera.
Anayang'ana pawindo, kunsanja ya Hillbrow.
"Muno ndi mu Joni, mchemwali. Sindingalonjeze.
Ndipo ndikalonjeza lero,
mawa udzafuna ndilonjezenso,
ine n'kusanduka loko wako wachiwiri."

Ndinawakwiyira mpaka pa Park Station.

Lero jakaranda wayala maluwa msewu wonse wa kwathu,
akuphulika pansi pa nsapato.
Ndili m'takisi yopita ku ntchito yatsopano, ku Mayfair.
Kiyi ali m'thumba, wofunda.
Liwu lija lakwera nawo, lakhala kumbuyo,
likunong'ona: kodi wakiyadi?

Ndikuti, mwina.
Ndikulemba sate-faifi kuseri kwa lisiti,
n'kulandira chenji cha munthu wina
kuchipereka kumbuyo.